Chomera Kunja kwa Chingwe

Mayi anga analibe mwana wamkazi, n'chifukwa chake kabotolo ka luni kanagwera ine. Akanakhala ndi wina womusiyira akanandilumpha, sindikukayika, pakuti ankanena ine ndili pomwepo kuti manja anga ndi opempha moto, osati osonkha. Koma ataona kuti mwendo wawo sudzapondanso pansi, anandituma kuti ndipise pa denga pamene ankabisa zinthu, ndipo ndinatulutsa kabotolo ka mafuta odzola kodzaza njere zakuda, zazing'ono, zopindika ngati tinkhono.

Luni ameneyu sanali ngati wa anthu ena. Tsinde lake linali lofiirira, ndipo sankawawa, moti ankaphikidwa osataya madzi oyamba. Mayi anamutenga kwa mayi awo, za m'mbuyo mwake sindizidziwa. Chaka ndi chaka ankamera pa dzala kuseri kwa nyumba yathu, pamene tinkataya phulusa ndi zinyalala. Sindinawaonepo akumukumbira dzenje. Mvula ikayandikira ankatapa njere pang'ono, n'kuziponya pa dzalapo akuyang'ana kumbali, ngati munthu wotaya madzi otsukira mbale.

"Luni sadzala, amataya," anatero pondipatsa. "Ukamuonetsa kuti ukumufuna, amanyada. Koma njere sizikhalitsa m'botolo. Asathere m'manja mwako."

Titaika maliro, munda ndi nyumba zinapita kwa ana aakazi a mayi aang'ono, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinali ku chikamwini, ndipo chinatha mmene zimathera zikamwini zambiri: m'mawa wina ndinapeza chikwama changa chili pakhonde. Ndinalowa mumsewu ndi kabotolo m'thumba la malaya, wopanda ngakhale phazi limodzi la nthaka loti ndinene kuti langa.

Zinali zaka zimene anthu anayamba kufuna kuphunzitsidwa kulima ndiwo. Chinayambitsa sindichidziwa. Ena ankati ndi kukwera mtengo kwa zinthu pamsika, ena ankati mvula inasintha khalidwe ndipo nzeru zakale zinasiya kugwira. Ndinangoona kuti amayi obadwira m'dimba ayamba kukhala pa mabenchi ndi makope pa maondo, kulemba mmene munthu amathirira mpiru. M'tauni ina ya fumbi, kumene ndinkasenza katundu pa depoti, ndinamva kuti kuli sukulu yophunzitsa alangizi a madimba a pakhomo. Ndinapita chifukwa ankapereka tiyi.

Wotiphunzitsa anali bambo wamfupi, a Gwaza, amene ankayenda ndi chingwe cha mfundo ndi zikhomo ziwiri. Anatiphunzitsa kukonza bedi, kufesa nazale, kuwokera mbande, kuphimbira ndi udzu wouma ndi kuunjika kompositi. Zambiri zinali zabwino, ndisaname, ndipo anthu adya nazo. Koma chimene ankakonda kwenikweni chinali mzere. Ankakhoma zikhomo, n'kukoka chingwe mpaka chilire, kenaka n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Chomera kunja kwa chingwe ndi udzu," ankatero. "Ngakhale chikhale chokongola chotani. Zulani."

Mawu amenewo ndinawakonda, chifukwa anali oyamba m'moyo wanga oti ndikawanena anthu n'kugwedeza mitu. Pomaliza maphunziro anatipatsa aliyense chingwe chake ndi pepala la chidindo. Munthu amene mayi ake ankati sangasonkhe moto anayamba kutchedwa alangizi.

Mudzi woyamba umene ndikukumbukira unali m'mbali mwa mtsinje wouma, kumene ankakumba mchenga kuti apeze madzi. Polowera panali mjigo, pafupi pake mtengo wa mthethe, ndipo mayi wina wotunga madzi anaimika ndowa n'kufunsa ngati ndine wa chingwe uja. Ndinati ndine. M'midzi yonse imene ndinafikamo pambuyo pake munali mjigo womwewo ndi funso lomwelo, moti masiku ena sindinkadziwa ngati ndikufika kapena ndikubwerera.

Wotsogolera kalabu ya amayi kumeneko anali Nasibeko, mayi wowonda wa phwete lalikulu, amene ankamva chinthu kamodzi n'kuchigwira. Mwezi usanathe madimba awo anali ataongoka ngati mizere ya m'kope. Tsiku lina amayiwo atapita kukaphika, ndinatsala ndekha, ndinatapa njere zochuluka ndithu m'kabotolo n'kuziponya pa ngodya ya dimba la Nasibeko, pamene ankaunjika ndowe. Sindinamuuze. Ndinachita manyazi kuti munthu wa pepala la chidindo aoneke akumwaza mbewu ngati wodyetsa nkhuku.

Ndinapita kukaphunzitsa midzi ya kumtunda, ndipo pobwera Nasibeko anandichingamira kutali, akuseka. Anandikoka mpaka pa ngodya paja. Panali poyera, posesedwa ndi manja. Anandiuza kuti panamera luni wambirimbiri, wa mitengo yofiirira, ndipo amayi ena ankafuna kumusiya, koma iye anawakumbutsa mawu anga. Anamuzula yense asanachite maluwa n'kuponyera nkhumba za mlamu wake. Ankandiyang'ana ngati mwana wodikira kuchongeredwa. Mtima unandipweteka kwambiri, koma ndinamuyamikira pamaso pa onse, ndipo amayi anaomba m'manja.

Mlendo ndi mame. Ndinachoka, ndikugwedeza kabotolo pafupi ndi khutu kuti ndimve zotsala. Kankalirabe ngati chisekese.

Ndinayenda zaka, kaya zingati. Ndinaphunzitsa ku tchalitchi kwina kumene dimba linali pakati pa manda ndi nyumba ya abusa, ndinaphunzitsa alonda opuma ntchito, ndinaphunzitsa anamwino kuseri kwa chipatala china. Kulikonse ndinkakhoma zikhomo, kukoka chingwe, n'kunena mawu aja. Luni ndinkayenda naye ngati mwana wobereka kumsana, woti sungamutsitse chifukwa pansi ponse ndi pa eni.

Kenaka ndinafika mumzinda wa mipanda ya njerwa, kumene agalu amauwa munthu asanawaone. Kumeneko mjigo unali mpope wa pageti, ndipo amene anafunsa ngati ndine wa chingwe uja anali mwini nyumba, Mayi Mtambalika, ataima ndi makiyi a galimoto m'manja. Anali atatopa ndi kapinga. Anzawo onse a ku ofesi anali ndi alangizi awoawo obwera Loweruka, ndipo iwo sankafuna kutsalira. Anali munthu wabwino, wofunsa mafunso ambiri, amene ankavala magolovesi pogwira dothi.

Nthawi imeneyi ndinati ndisabwereze cholakwa chakale. Ndinawauza zonse, za mayi anga, za dzala, za kabotolo. Maso awo analengeza misozi. Anati zinthu za makolo ngati zimenezi n'zimene zikusowa masiku ano, ndipo luniyo ayenera kukhala pa malo aulemu. Ine ndi nzeru zanga za kwa a Gwaza ndinavomera. Ndinafesa njere pa nazale, pa mzere, ndinaika mthunzi, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Zinamera zochepa, chifukwa zinali zitakalamba. Zitafika ngati chala ndinaziwokera pa bedi la kutsogolo, loyang'anana ndi khonde.

Apa m'pamene ndinaphunzira chimene mayi ankadziwa popanda benchi: luni ali ndi muzu umodzi wautali, ndipo ukaudula sakhululuka. Mbande zinafota imodziimodzi, ngakhale ndinkazithirira ndi kuzipepesa. Zinapulumuka zitatu. Zinakula, masamba ake a zala zisanu anatambasuka, ndipo ndinayamba kuona timaluwa toyera tikusuzumira. Ndinawauza Mayi Mtambalika kuti tidikire makoko aume, titole njere, ndipo anavomera.

Loweruka lotsatira ndinapeza pa bedi pali mabowo atatu. Anali ndi alendo ochokera kunja, anatero Mayi Mtambalika, ndipo anawasimbira nkhani yanga, alendowo n'kupempha kulawa. Wophika wawo, posadziwa kuti luni amathyoledwa nsonga, anazula zonse ndi mizu yomwe. Mayiwo anati alendo anayamikira kwambiri, mmodzi mpaka anajambula mbale. Anandisungira pang'ono m'firiji. Ndinadyera chiimire kuseri kwa khitchini, wozizira, wotendera bwino, ndipo anali yemweyo, wosawawa. Ndinalira, wophikayo n'kuganiza kuti wachulutsa tsabola.

Kabotolo kanasiya kulira ngati chisekese. Kanayamba kumveka ngati mchenga wotsalira mu nsapato.

Zitatero ndinaganiza zopita kwathu. Ndinati luni womera yekha zaka zonse zija sangathe pa dzala la mayi, ndikatola njere zatsopano n'kuyambiranso. Njira inali yaitali kuposa mmene ndinaisiyira. Polowera m'mudzi panali mjigo umene sindinausiye, ndipo mtsikana wotunga madzi anandifunsa ngati ndine wa chingwe uja. Sanadziwe kuti ndinabadwira kuseri kwa mtengo umene anatsamira.

Pa nyumba ya mayi pankakhala Felesiya, mwana wa mayi aang'ono. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi, tinafunsana za odwala ndi omwalira. Kenaka ndinapempha kuzungulira kuseri. Dzala panalibe. M'malo mwake munali dzenje la kompositi la makona anayi, lophimbidwa bwino, ndi mabedi asanu ndi limodzi a repu ndi tchayinizi, oongoka kuposa anga. Felesiya anandiuza monyadira kuti kunabwera mlangizi wachitsikana, wophunzitsidwa ndi mayi wina wa ku mtsinje wouma dzina lake Nasibeko. Ndinafunsa za luni wa mayi. Anati anavuta zaka ziwiri, ankangomerabe pakati pa mabedi, koma ankamuzula asanabereke mpaka luniyo anatopa.

"Paja achimwene simudziwa," anatero. "Chomera kunja kwa chingwe ndi udzu."

Ndinati ndinamvapo. Ndinayenda m'mudzi monse, kuseri kwa makola ndi m'mabwinja, ndipo ndinapeza luni wobiriwira, wowawa uja, wa aliyense. Wofiirira sindinamuone. Ndinapita kumanda, ndinaima pa mtumbira wa mayi, ndipo ndinangozula udzu umene unamerapo chifukwa manja anazolowera.

Pambuyo pake malo anayamba kufanana kwambiri. Ndimakumbukira tauni ya njanji yopanda sitima, mudzi wa anthu owumba njerwa, msika wa pa mphambano pamene ndinadwala malungo. Ntchito inali kukula. Alangizi tinachuluka ngati ogulitsa tomato, ena a njinga zamoto, ena a mayunifolomu, ndipo maphunziro analowa mu foni. Nanenso ndinagula yanga, yosweka galasi pa ngodya. Ophunzira anga akale ndi atsopano anali m'magulu, ndipo ankatumiza zithunzi: tsamba la mabowo, nsabwe za pa kabichi, ndi tizomera tosadziwika. Funso linali limodzi tsiku lonse, alangizi ichi n'chiyani, nditani nacho. Ndinazolowera kuyankha ndi liwu limodzi, moti foniyo inaliloweza. Ndikangodina chilembo choyamba, inkamaliza yokha kuti Zulani.

Njere zotsala zinali zokwana kutsina ndi zala ziwiri. Ndinadziwa kuti zikaphonya mvula ina sizidzadzukanso.

M'tauni ina ya nyumba za lendi zothithikana ndinakumana ndi Esinta, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, amene ankalima m'masaka odzaza dothi ndi pa kabedi kamodzi pakati pa bafa ndi mpanda. Sanali wanzeru ngati Nasibeko. Ankaopa kulakwa. Sankathyola tsamba, sankapha mbozi, sankazula kaudzu ngakhale kamodzi asanandifunse, mpaka anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzafunsa alangizi ngati ayenera kuyetsemula. Iye ankangoti safunsa anadya phula. Pa ngodya ya mpanda wake panali kamulu ka phulusa la mbaula ndi makoko a nthochi, ndipo kankanunkha ngati kuseri kwa nyumba yathu.

Ndinalingalira bwino, ndinadziona wochenjera. Kuuza munthu ndinayesa, luni anathera m'mbale. Kubisa ndinayesa, anathera kwa nkhumba. Koma uyu sazula kanthu osafunsa, ndipo wofunsidwayo ndine. Akadzafunsa ndidzamuuza kuti asiye, basi. Mitambo itayamba kusonkhana, Esinta atalowa m'nyumba kukanditengera madzi, ndinakhuthulira njere zonse m'dzanja, ndinayang'ana kumbali mmene ankachitira mayi, n'kuziponya pa phulusapo. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti ndachita chinthu mmene chimachitikira.

Ndinaitanidwa ku boma lina lakutali, kumene bungwe lina linkatsegula makalabu ambiri nthawi imodzi. Mvula inagwa, ndipo mvula ikagwa chilichonse chimamera, zithunzi n'kumabwera ngati ngumbi. Kumene ndinali netiweki inkapezeka pa chulu chimodzi chokha. Ndinkakwera pa chulupo masana dzuwa lili pamutu, mauthenga a masiku atatu n'kugwa onse pamodzi, galasi likunyezimira osaoneka bwino. Ndinkadina, foni n'kumaliza, ndinkadina, foni n'kumaliza. Za Esinta ndinkazikumbukira tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadabwa kuti sakufunsa. Ndinkafufuza dzina lake osalipeza, n'kumati mwina njere zafa.

Patapita masabata, ndili mu minibasi yodikira kudzaza, ndinayamba kufufuta zithunzi zakale kuti foni ipume. Chimodzi chinandiimitsa chala. Chinachokera ku nambala yopanda dzina. Panali phulusa, khoko la nthochi, ndi tizomera tisanu ta mitengo yofiirira, masamba a zala zisanu. Pansi pake panalembedwa kuti: Alangizi ndine Esinta, foni yanga inagwera m'madzi, iyi ndi ya aneba. Izi zamera kunja kwa chingwe. Nditani? Ndipo pansi pa mawuwo panali yankho langa la liwu limodzi.

Ndinatsika minibasiyo n'kukwera ina. Ulendo unali wa tsiku lathunthu, ndipo njira yonse ndinkadziuza kuti mwina sanawerenge, mwina aneba sanamuuze, mwina anasiyako kamodzi. Ndinampeza akukazinga zitumbuwa pakhomo. Anakondwa, anapukuta manja, n'kundiperekeza kuseri kuti ndione mmene masaka akuchitira. Pa ngodya panali posesedwa. Ndinafunsa za tizomera tija.

"Ndinazula, alangizi, monga munanenera. Ndinakwirira pansi pa kompositi."

Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Munali motentha, mwakuda, zonse zitasanduka dothi. Kompositi yake inali yabwino, ndinamuphunzitsa ndine. Esinta anaima pambali akundiyang'ana, ndipo analankhula motsitsa.

"Ine ndinadziwa kuti ndi luni. Amayi anga ankaphika, koma wofiira chonchi sindinamuonepo. Munachedwa kuyankha masiku atatu, ndiye ndinkamuthirira podikira. Mumtima ndinkati bwenzi atati asiyeni."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanangomusiya, popeza anamudziwa.

"Nanga ine ndi ndani? Ophunzira ndinu."

Anandifunsa ngati walakwa. Ndinayang'ana nkhope yake, ya munthu amene moyo wake wonse wakhala akuopa funso limenelo, ndipo ndinati ayi, sanalakwe. Anandikulungira zitumbuwa zinayi m'pepala. Sindinamuuze za mayi anga, chifukwa katundu ameneyo ndi wanga, ndipo iye anali ndi wake wokwanira.

Kabotolo ndikadali nako. Nthawi zina ndimakagwedeza pafupi ndi khutu mwa chizolowezi, ndipo anthu a mu minibasi amandiyang'ana. Ndikadutsa pa dzala la eni ndimachepetsa liwiro, koma madzala akutha, aliyense ali ndi dzenje la makona anayi. Ntchito sindinasiye, popeza ina sindiidziwa, ndipo mimba sidziwa chisoni.

Mudzi umene ndinafikamo posachedwa uli kuseri kwa phiri, kumene ndinkaganiza kuti sikunafikepo mlangizi. Polowera panali mjigo ndi mtengo wa mthethe, koma wotunga madzi sanafunse kanthu, anangoloza ndi chibwano kumene amayi ankandidikira. Anali ambiri, atakhala pa mabenchi ndi makope pa maondo. Kumbuyo kwenikweni kunali mayi wina wokalamba amene sanabwere ndi kope, ndipo nthawi yonse ankayang'ana kumbali. Dimba lawo linali la kale, chisoso, bonongwe ndi denje zitamera mmene zafunira pakati pa mpiru.

Ndinakhoma zikhomo. Ndinakoka chingwe mpaka chinalira. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu aja anakana kutuluka, ndipo ndinangoima chingwe chikunjenjemera pa maondo anga. Ndinaganiza kuti mwina lero ndi tsiku loti ndinene zina. Amayiwo anayang'anana, anaganiza kuti ndikuwayesa, ndipo onse pamodzi, ngati ana a sukulu, ananena mokweza kuti chomera kunja kwa chingwe ndi udzu. Anali atamva kale pa foni ya mwana wa mmodzi wa iwo.

Ndinawauza kuti akhoza, ndipo tinayamba kuzula.